Mpongozi Wakukhitchini

Anthu akandifunsa kuti ku Joni ndinkagwira ntchito yanji, ndimayamba ndaseka. Amene ananditengera kumeneko mukawafunsa, adzakuuzani kuti sindinkagwira ntchito ina iliyonse. Amati ndinkangokhala, kudya mpunga ndi nkhuku, n'kumaonera TV ndi adzukulu. Zimenezi ndinazimva zikunenedwa ine ndili pomwepo, ndipo kwa nthawi yaitali sindinatsutse.

Amene ananditenga ndi Esinati, mwana wa akulu anga obadwa nawo bere limodzi. Kwathu kuno ku Kandeu mwana wa mkulu wako ndi mwana wako basi, palibe zofunsa. Esinatiyo ndinamubereka kumbuyo ine ali khanda, mayi ake ali kudimba kukumba kachewere. Anakula, naphunzira za unamwino, n'kukwatiwa ndi mnyamata wa ku Kasinje wogwira ntchito ya mu ofesi, ndipo onse awiri anasamukira ku Joni. Ine amuna anga atamwalira ndinatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, Linesi, ndi munda wotopa umene subereka popanda feteleza.

Tsiku lina Esinati anaimba foni.

"Amayi, bwerani mudzapumeko kuno," anatero. "Muzidzangondiyang'anira anawa ndikapita kuntchito. Za Linesi zisiyeni m'manja mwanga, sukulu ndimulipirira ndine."

Mudzi wonse unandichitira kaduka. Azimayi akumpingo ankandigwira chanza ngati ndapambana mpikisano. Linesi ndinamusiya kwa akulu anga, ndinamanga ufa woyera ndi nyemba, n'kukakwera basi kuboma. Ulendo wake unali wotupitsa mapazi, koma ine ndinkangomwetulira njira yonse ngati chitsiru.

Titafika, ndinapeza nyumba yokongola mkati mwa mpanda wamagetsi. Mwamuna wa Esinati, amene ndinkamutchula kuti bambo a Tako potengera mwana wawo woyamba Takondwa, atangondiona ananjuta pakhomo la galaja, nkhope atalozetsa kumbali, n'kuomba m'manja. Mtima wanga unasungunuka. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amachitirana manyazi. Sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, satchulana maina, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ndinati mumtima, onani mwana woleredwa bwino, wafika mpaka ku Joni koma mwambo sanautaye.

Anandionetsa kogona. Kanali kachipinda kakuseri kwa nyumba, pafupi ndi waya woyanikapo zovala, kokhala ndi kachimbudzi kakekake.

"Musadabwe, amayi," anatero Esinati. "Bambo a Tako akuti sangagone denga limodzi ndi apongozi. Mukudziwa kale mwambo wathu."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Kuseri kwa chitseko kunali msomali, ndipo pamsomalipo panali yunifolomu yapinki ndi duku lake. Nditafunsa, Esinati anati inasiyidwa ndi wantchito wa anthu amene ankakhala m'nyumbamo kale. Sanaichotse. Patapita masabata angapo anandiuza kuti ndiziivala pokolopa, kuti ndisadetse zitenje zanga zabwino.

Kudya ndinkadyera kukhitchini, eni nyumba akamaliza, chifukwa apongozi sadya ndi mkamwini. Pabalaza ndinkakhalapo masana okha, ndipo kukhalapo kwake kunali kopukuta fumbi. Galimoto ikangolira pageti, Esinati kapena ana ankafuula kuti, "Adadi afika!" ndipo ine ndinkanyamula mapazi kuthawira kukhitchini. Alendo akabwera, mwambo womwewo unkanditsekera kukhitchini mpaka atapita. Zonsezi sizinandiwawe poyamba. Ndinkaziona ngati ulemu.

Maso anga anatseguka m'mawa wina Esinati akuthamangira kuntchito, makiyi ali m'manja.

"Amayi, mukamaliza mbalezo mulowe kuchipinda kwathu. Musinthe mashiti, mutole zochapa, kubafa kwathu mutsukekonso."

Ndinayamba ndaganiza kuti sindinamve bwino.

"Mwananga, ine ndilowe kuchipinda kwa mkamwini?"

"Aaa, amayi inunso! Kuno n'ku Joni. Zimenezo n'zakumudzi."

Anatuluka, geti n'kudzitseka lokha. Ndinaima pakhomo la chipindacho nthawi yaitali, tsache lili m'manja. Mayi amene anandibereka ine sanapondepo m'chipinda changa chiyambire tsiku limene ndinakwatiwa, ngakhale pamene ndinkadwala. Koma ndinakumbukira fizi ya Linesi, ndipo ndinalowa.

Ine si munthu wa nseru yapafupi. Ndinakumbapo ndowe m'khola ndi manja, ndinasetapo ana a eni, ndinasambitsapo mitembo ya anzanga. Litsiro lokha silindiopsa. Koma zimene ndinkapeza m'chipinda chimenecho zinali zamtundu wina. Munthu uja ankavula thalauzi pamodzi ndi kabudula wamkati, n'kuzisiya pansi pomwe wavulirapo, zitapindikana, kuti ine ndidzazilekanitse. Kubafa ndinkapeza ndevu zake zitamwazika musinki pamodzi ndi makhololo. Chimbudzi ankachisiya osagejemula, chikhalirecho chogejemulira chili pafupi ndi chigongono chake. Pambali pa bedi ankataya zinthu zimene mayi sayenera kuona za mwana wake. Makina ochapira analipo, koma iye anati amamuonongera zovala zamkati, ndiye zimenezo zinkafuna manja.

Ndiye taganizani. M'mawa ndachapa kabudula wake, ndamuyanika, ndamusita, ndamupinda. Madzulo munthu yemweyo akakumana nane m'khonde, ankadzipanikiza kukhoma, maso pansi, n'kuomba m'manja mwaulemu ngati wakumana ndi mngelo. Nkhope yanga sankatha kuiyang'ana, koma manja anga ankawadziwa ntchito yake. Nthawi zina ndinkafuna kulavula pomwepo.

Ndinayesako kukonza zinthu mwakachetechete. Mabanja ena kwathu amathetsa manyaziwa. Mkamwini amapereka kamphatso, kaya nkhuku, onse n'kudyera pamodzi, ndipo kuyambira pamenepo amalankhulana ngati mayi ndi mwana. Ndinauza Esinati kuti popeza tikukhala pakhomo limodzi, tichite zimenezo. Anakamufunsa, ndipo yankho linabwera mawa lake.

"Akuti ayi, amayi. Akuti iwo analeredwa mosunga mwambo, sangayambe kukuzolowerani."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Mwambo ankausunga pamene ukundichotsa patebulo ndi pabalaza. Ukafika pakhomo la chipinda chawo ankauvula ngati nsapato. Anawo nawonso anaona mmene zinthu zinalili. Poyamba ankanditchula kuti agogo, koma pasanathe chaka ndinali anti, ngati mmene anzawo ankatchulira antchito a kwawo. Takondwa ankataya makoko a nthochi pansi n'kunena kuti anti atola. Palibe anamudzudzula.

Amene anandisunga wamoyo kumeneko ndi a Nambewe, mayi wa ku Bwanje amene ankagwira ntchito panyumba yoyandikana nafe. Tinadziwana potulutsa zinyalala kumsewu. Anamva ndikung'ung'udza nyimbo ya kumpingo, n'kukuwa kuti, "Ameneyo ndi wakwathu!" Anali mayi wamfupi, wamawu aakulu, wosadziwa kunong'ona.

"Amakulipirani bwino amenewo?" anandifunsa tsiku loyambalo.

"Sindine wantchito," ndinayankha. "Mwini nyumbayo ndi mwana wanga."

A Nambewe anayang'ana yunifolomu yapinki ija, anayang'ana chidebe cha zinyalala chili m'manja mwanga, n'kuseka mpaka kugwira mpanda.

"Pepani, madamu," anatero. "Sindinadziwe kuti ndikulankhula ndi eni nyumba."

Ndinakwiya, koma mawa lake ndinawadikira pamalo omwewo. Iwo abwana awo anali ovuta, owerenga masupuni a shuga, koma a Nambewe sankadandaula ngati ine.

"Wanga uja ndi njoka, sindikana," ankatero. "Koma nthawi yoweruka ikakwana ndimavula epuloni n'kumapita. Lamulungu ndi langa. Akandinyansa kwambiri ndidzamusiya, nyumba zauve m'tauni muno sizidzatha. Nanga inu mudzaweruka liti? Kodi mayi amaweruka? Mwana wanu mungamusiye n'kukalowa pena?"

Lamulungu azimayi akwathu ogwira ntchito za m'nyumba ankakumana papaki ina akatuluka kutchalitchi. Ankakhala pakapinga, kugawana buledi ndi tchipisi, kulukana tsitsi, kusisitana misana. Ankayerekeza mayendedwe a mabwana awo mpaka wina kugwa ndi phwete. Wina akachotsedwa ntchito, anzake ankamusunga ndi kumufunira pena. Ine ndinkapitako mwa apo ndi apo, chifukwa Lamulungu ndilo tsiku limene Esinati ankaitana alendo. Komanso masiku anga a papasipoti anali atatha kalekale, ndipo eni nyumba ankandiopseza kuti ndikamayendayenda apolisi andigwira.

Lamulungu lina eni nyumba atapita ku ukwati, a Nambewe ananditenga kuganyu yawo, kunyumba ya gogo wina wachizungu wokhala yekha. Gogoyo anali atakonzakonza m'nyumba ife tisanafike, chifukwa cha manyazi. Tikugwira ntchito ankatitsatira n'kumapepesa. Ndikawerama kuti ndikolope, iye ankagwira pamtima. Pamapeto anatikhazika patebulo, natithirira tiyi m'makapu ake enieni, n'kuyamba kulankhula zambirimbiri maso ali ndi misozi. A Nambewe anandimasulira kuti akuti sizoyenera kuti munthu azitsuka chimbudzi cha mnzake, ndipo zimamupweteka kwambiri.

"Ndiye bwanji osatsuka yekha?" ndinafunsa.

"Msana," anatero a Nambewe, akumwetulira gogoyo. "Imwani tiyi. Amenewa amatilipira pawiri, kutsuka nyumba ndi kuwamvera chisoni."

Nazonso zinandinyansa pang'ono, zoti ndatopa ndi ntchito kenako ndiyambe kutonthoza amene wandituma. Koma potuluka gogoyo anandipatsa malipiro anga m'manja mwanga, nathokoza chifukwa cha ntchito. Ntchito anaitchula kuti ntchito. Chifikireni ku Joni, tsiku limenelo ndi limene ndinayenda mumsewu ngati munthu wamkulu.

Chimene sindidzaiwala ndi phwando lina la masana. Kunabwera anzawo a Esinati, Amalawi okhaokha ophunzira, azimayi onunkhira ndi azibambo a mimba zawo. Ine ndinali nditaphika kuyambira m'mawa, ndipo panthawiyo ndinali kukhitchini kukwecha mapoto, chitseko chili chotsegula pang'ono. Nkhani inafika pa antchito a m'nyumba. Mayi wina ankadandaula kuti wake waba mafuta ophikira. Wina anati masiku ano antchito akudula, akufuna tchuthi ngati a m'boma. Kenako ndinamva mawu a mwana wanga.

"Ine zolemba wantchito ayi," anatero Esinati. "Chikumbumtima changa sichingandilole. Munthu mnzako, mayi wa ana ake, azikutsukira chimbudzi chifukwa choti ndi wosauka? Umenewo ndi ukapolo. Ife kuno timangothandizana pachibale."

"Zoona," anatero mwamuna wake. "Ife tili ndi amayi. Timawalemekeza kwambiri. Ine ngakhale kuwayang'ana kumaso sindiwayang'ana."

Alendo aja anawayamikira kuti ndi banja lachitsanzo. Mmodzi anafunsa ngati kumudzi kwathu kungapezeke mayi wina wotero, woti nayenso amutenge. Ine ndinayang'ana madzi akuda a m'sinki, zala zanga zitasweka ndi mankhwala otsukira. Posakhalitsa Esinati anasuzumira pakhomo n'kunong'ona kuti wina wataya vinyo pakapeti, ndidzapukute alendo akatuluka panja.

Kumudzi zinthu zinkafika ndithu, sindinganame. Fizi ya Linesi inkalipidwa, feteleza ankagulidwa. Koma zonse zinkadzera kwa akulu anga, m'dzina la Esinati, ngati mphatso. Ine ndikaimba foni, anthu ankandiuza kuti ndizithokoza Mulungu pondipatsa mwana wachifundo chotero, wosunga mayi wamasiye ndi mwana wake yemwe. Ndinkayankha kuti ndikuthokoza.

Zaka zinapita, mawondo anayamba kukana. Kugwada m'bafa kunasanduka nkhondo, ndipo chifuwa chinkandithina ndikanunkhiza mankhwala a m'chimbudzi. Esinati, monga namwino, ankandibweretsera mapilitsi. Ataona kuti mapilitsi sakuchotsa litsiro la m'makona, anayamba kundimvera chisoni.

"Amayi, mwawasowa kumudzi," anatero tsiku lina. "Si bwino kukusungani kuno ngati mkaidi. Pitani mukapume."

A Nambewe anandiperekeza kokwerera basi. Anandipatsa mafuta opaka m'manja ndi bulangete, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke. Yunifolomu ija ndinaichapa, n'kuibwezera pamsomali pake.

Kandeu ndinamupeza atasintha. Akulu anga anali m'nyumba yamalata, ya sola, ndi masofa okutidwa ndi pulasitiki. Analinso atayamba kulankhula mokweza mphuno. Linesi ndinamusiya kamtsikana, ndinamupeza namwali wathunthu, ali sekondale, wamtali kuposa ine.

"Koma wawonda," anatero akulu anga atandiyang'ana. "Zakudya za azungu sizinakuyanje eti? Anthu ena mwayi suwakhala."

Za ku Joni sindinaulule kwa iwo kapena kwa wina aliyense. Ndikanayambira pati? Mayi amene walowa kuchipinda kwa mkamwini n'kugwira zovala zake zamkati, anthu amaseka iyeyo, osati mkamwiniyo. Ndinasankha kufa nazo.

Nyengo ya Khirisimasi Esinati ndi banja lake anabwera pagalimoto. Tsiku lachiwiri ndikuchokera kumjigo ndi azimayi anzanga, tinakumana ndi bambo a Tako panjira. Atangondiona analumphira m'munda wa chimanga ndi nsapato zake zonyezimira, nanjuta m'matope, n'kuomba m'manja.

"Ee, koma mkamwini ndi ameneyu!" anatero mayi wina. "Galimoto ali nayo, ndalama ali nazo, koma taonani ulemu."

Ndinangodutsa, ndowa ili pamutu.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinaona china. Linesi ankathirira bambo a Tako madzi osamba m'manja, ndipo iye anamugwira m'chiuno n'kumukokera kwa iye.

"Mkazi wanga wamng'ono wakula!" anatero. "Esinati, samala, ndikusiya."

Onse anaseka, Linesi yemwe. Palibe cholakwa chimene anthu anaona, chifukwa kwathu munthu ndi mlamu wake amaseleulana chomwecho. Ine ndekha ndi amene ndinazizidwa. Ndinkadziwa kachipinda kakuseri kaja, ndinkadziwa kuti Esinati amagwira ntchito mosinthana nthawi, masiku ena osagona pakhomo. Ine mwambo unanditsekera kukhitchini, komabe unkamuimitsa munthu uja patali nane. Kwa Linesi kunalibe choti chimuimitse.

Mawa lake anaitanitsa abale pansi pa mtengo wa mapichesi wa akulu anga. Panali alongo athu aakulu, amene ndi eni mbumba, akulu anga, Esinati, Linesi, ndi achibale ena. Ife azimayi tinakhala pamphasa. Bambo a Tako anakhala patali pabenchi, atatipatsa mbali, monga mkamwini waulemu.

"Malume," anayamba Esinati, "chichokereni amayi, panyumba pativuta. Ndiye timati titenge Linesi. Azikatithandiza tintchito tating'onoting'ono, sukulu akapitiriza komweko. Masukulu a kumeneko si ofanana ndi akunowa."

"Mwayi ngati umenewu subwera kawiri," anatero akulu anga.

Ndinayang'ana Linesi. Maso ake ankawala, ndipo m'manja anali atagwira kale foni yatsopano. Alongo athu anagwedeza mutu, natembenukira kwa ine.

"Mlongo, mwana ndi wako. Koma ine sindikuonapo chovuta. Iwe wemwe anakusunga bwino anthuwa."

"Sukulu ayambe wamaliza kuno," ndinatero motsitsa mawu.

"Iwe, nsanje imeneyo," anatero akulu anga. "Wadyako wekha za ku Joni, mwana wako asalaweko?"

Bambo a Tako anatsokomola, nalankhula moyang'ana alongo athu, popeza ine sakanandilankhula mwachindunji.

"Malume, auzeni amayi asade nkhawa. Mlamu wangayu ndikamusamala ndine ndemwe."

Ndinaona kuti nkhani yatha, mwana wapita. Mawu aulemu onse anali kumbali yawo. Chimene chinatsala m'manja mwanga chinali chimodzi chokha, chija ndinalumbira kufa nacho.

Ndinadzuka pamphasa. Mawondo analira, koma ndinayenda kudutsa bwalo lonse, n'kukakhala pabenchi pomwe panali mkamwini, phewa langa kukhudza lake. Azimayi anagwira pakamwa. Iye anafuna kudzuka, koma ndinamugwira dzanja.

"Gilibati," ndinatero. Chikwatireni mwana wanga ndinali ndisanatchulepo dzina limenelo. "Tandiyang'ana."

"Mlongo, wapenga?" anakuwa alongo athu.

"Sindinapenge. Ndikufuna andiuze chimene amathawa. Gilibati, ukuthawa nkhope yangayi? Makabudula ako amkati amene wakhala akuchapa ndani zaka zonsezi? Si manja awa? Uja wabuluu wotha lamba anakusokera ndani? Bedi lako ankayala ndani? Chimbudzi chako, chimene sudziwa kugejemula, ankatsuka ndani atagwada?"

Akulu anga anadziphimba kumutu ndi chitenje. Mkamwini uja anandiyang'ana kumaso kwa nthawi yoyamba, ndipo thukuta linali litamutuluka pamphuno.

"Amayi, mukutichititsa manyazi," anatero Esinati. "Inu munkangotithandiza ngati kholo."

"Kholo limalowa kuchipinda kwa mkamwini? Funsa mayi akowo ngati anapondamo. Ndinali wantchito, mwananga, wopanda tsiku lopuma, wopanda poweruka. Ntchitoyo si yoipa, anzanga akulera nayo ana. Ngati nyumba yakukulirani, lembani munthu, muzimulipira, muzimupatsa Lamulungu lake, akatopa nanu azitha kuchoka. Mukuopa kutchedwa mabwana, ndiye mukufuna wachibale woti sangakane. Linesi sapita."

Alongo athu anatembenukira kwa Esinati. Anamufunsa ngati zimene ndanenazo zinali zoona. Esinati anayamba kufotokoza za moyo wa ku Joni, kuti ndi wothamanga, kuti kumeneko zinthu zimasiyana. Iwo anamudula.

"Ndafunsa ngati mayi akowa ankalowa kuchipinda kwanu."

Esinati anayang'ana pansi. Alongo athu analavulira kumbali, natola chipewa chawo.

"Mwanayu amalizira sukulu konkuno," anatero, n'kunyamuka.

Mtengo wake ndinaulipira, ndipo ndikuulipirabe. Fizi inaima mwezi womwewo. Akulu anga mpaka lero tikakumana kumaliro amandipatsa moni wa mlendo. Kumjigo ndikafika nkhani zimaduka, ndipo ndikudziwa dzina limene anandipatsa, amati wochapa za mkamwini. Za amene ankavula n'kusiya pansi uja palibe amazitchula, iye akadali bwana wa galimoto.

Pobwerera ku Joni anadzera ku Kasinje, kwawo kwa mwamunayo, kenako galimoto inadutsanso pa Kandeu. Pampando wakumbuyo, pakati pa ana ndi masutikesi, panali mayi wina wamasiye, azakhali ake a Gilibati, atavala chitenje chatsopano, kathumba ka ufa kali pamiyendo. Ankabayibitsa aliyense, kumwetulira mpaka m'makutu. Anthu ankati akupita kukapuma.

Ine tsopano ndimakolopa ndi kuchapa m'nyumba za aphunzitsi ndi za ogwira ntchito kuchipatala. Tsiku loyamba ndimanena poyera kuti musanditchule mayi anu kapena anti anu, ndine wantchito, tigwirizane zochita ndi nthawi yoweruka. Ena amadabwa, ena amaseka, koma fizi ya Linesi imachokera mmenemo.

Linesiyo sanandilankhule kwa milungu ingapo. Foni ija a ku Joni aja anamulanda ponyamuka, ndipo kusukulu anzake ankamuseka chifukwa cha ine. Tsiku la msonkhano lija anandiuza akulira kuti ndamutsekera mwayi, ndiponso ndamuvula pagulu. Pa zomuvula pagulu sankanama.

Loweruka lina m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba kuchapa zovala zathu. Kunkazizira, ndipo sopo ankalowa m'ming'alu ya zala zanga. Ndinamva munthu ataima kumbuyo kwanga. Anali Linesi. Anayang'ana manja anga nthawi yaitali, kenako ananjuta, nawatulutsa m'beseni, n'kuwapukuta ndi chitenje chake.

"Amayi, khalani apo padzuwa," anatero. "Ndichapa ndine."